Ndinawaseweretsa Ba Mudenda ndi kamausi kopanda chingwe

Inu owerenga, ine ndine mtsikana wa zibwana ndipo sindibisa. Kusukulu kwathu ku Linda ndinamangapo pamodzi zingwe za nsapato za mapulifekiti awiri, ndipo ndikakumbukira mmene anagwera ndimasekabe ndekha. Zimenezo sindipepesa. Koma zimene ndinawachita Ba Mudenda zimandiwawa mumtima, ndiye ndati ndikuuzeni kuti wina asadzachitenso.

Nditalemba mayeso a giredi 12 ndinkangokhala pakhomo. Mkulu wanga, Ba Mutinta, amagwira ntchito pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi muno mu Livingstone. Amathandiza anthu pa za makompyuta: kulumikiza pulojekita, kuika manotsi pa intaneti, kutsegulira oiwala pasiwedi. Amayi atatopa nane anati ndizipita ndi Ba Mutinta kuntchito.

Pakolejipo pali Ba Mudenda, bambo a imvi, amene anayamba kuphunzitsa ndi choko ine ndisanabadwe. Kompyuta ankaiopa kwambiri. Vuto linali lakuti ophunzira awo ambiri ndi aphunzitsi a kumidzi ya ku Kazungula ndi Kalomo, amene amabwera kukoleji patchuthi pokha, masiku ena onse nkumadalira manotsi a pafoni. Manotsi a Ba Mudenda okha ndiwo kunalibe. Ba Mutinta anakhala nawo temu yonse, masana aliwonse, mpaka anavomera kuyesa. Njira zonse Ba Mudenda ankazilemba m'kabuku ndi bolopeni yofiira, kuyambira pa kutsegula chivundikiro cha laputopu.

Mkulu wangayo ali ndi kachinsinsi ka ntchito. Mphunzitsi akamagwiritsa ntchito pulojekita koyamba, iwo amakhala kumbuyo kwa kalasi ndi kamausi kopanda chingwe kolumikizidwa ku laputopu yomweyo. Munthu akasokonezeka amamukonzera mwakachetechete. Mwini wake samuuza, akuti azidzikhulupirira.

Tsiku la Ba Mudenda litafika anabwera atavala tayi. Masamba atatu oyamba anayenda bwinobwino, chithunzi cha Zambezi chili mbee pakhoma, iwo akudina okha. Kenaka wina anadzaitana Ba Mutinta kuti netiweki yavuta kulaibulale. Anasiya kamausi patebulo nandiloza chala: "Iwe, nkala zii. Usagwire chilichonse."

Ndinagwira. Ba Mudenda akadina kuti apite kutsogolo, ine ndinkabweza kumbuyo. Atanena kuti tsopano tione mapu, panatuluka tsamba loyamba la dzina lawo. Anasuzumira m'kabuku kaja nadinanso, ine nkuthamangitsa masamba onse mpaka lomaliza, lolembedwa kuti zikomo. Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mnyamata wina anakuwa kufunsa ngati amaliza kale, "Ba Sir, mwasiliza kudala?" Ndisaname, zinkandikomera. Ndinaluma kolala ya bulauzi kuti asandimve.

Chimene chinandidula kuseka ndi kabuku ka Ba Mudenda kaja. Kanawapulumuka m'manja nkugwa pansi. Sanakalipire aliyense. Anatseka laputopu pang'onopang'ono, napepesa ophunzira kuti awatayira nthawi, natulutsa choko m'thumba la jekete.

Ba Mutinta atabwera anayesa makina onse napeza kuti ali bwino, ndiye anadziimba mlandu okha kuti anawafulumizitsa akuluwo. Masabata awiri ndinakhala duu, ndikuwaona akugogoda pa ofesi ya Ba Mudenda nkubwezedwa mwaulemu. Ophunzira akutali aja anabwerera kwawo opanda manotsi. Mayi wina wa ku Kalomo, mwana ali kumsana, ndinamupeza akujambula bolodi ndi foni, theka lake litafufutidwa kale. Tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Ndinaulula tili mu minibasi pa Mosi-oa-Tunya Road. Ndinkayembekezera kumenyedwa khofi, koma Ba Mutinta anangoyang'ana pawindo nati, "Mailo uzakamba weka kuli beve."

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya Ba Mudenda, ndinagwada, kamausi kali m'manja, nkufotokoza zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anamwetulira.

"Awe mwana wanga, ima. Ni Mutinta wakutuma kuti uniname, nimvele bwino. Muli na mtima wabwino imwe babili. Koma ine niziba, ni mutu wanga wakalamba."

Ndinalumbira, ndinapempha kuti ndiwaonetse mmene kamagwirira ntchito. Anakana kuti laputopu isatsegulidwenso pamaso pawo. Ba Mutinta anabwera kudzandichitira umboni, iwo nkungowathokoza chifukwa cha chifundo. Ine amene ndanamizapo aphunzitsi ambirimbiri nkundikhulupirira, ulendo uno ndinanena zoona koma zinapita pachabe.

Inu anzanga okonda kuseka, sindikuti musiye, inenso sindinasiye. Koma sankhani munthu amene adzakuthamangitseni ndi tsache mawa nkuiwala. Wamkulu amene walimba mtima kuphunzira chinthu chimene amachiopa, pamaso pa ophunzira ake, musamuyandikire. Ndipo mukalakwa ululani pomwepo, musadikire masabata awiri ngati ine, chifukwa munthu amakhala atadziweruza kale. Ba Mudenda mpaka lero amakhulupirira kuti sangathe, pamene ine ndinaona ndi maso angawa kuti ankatha.