Makwerero m'boti la asodzi

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro ku Liverpool inali pa kampani ina ya sitima zonyamula katundu. Panyanja yamchere ndinali ndisanayendepo, ndinkangoona mtsinje wa Mersey pawindo la ofesi. Koma malipoti a sitima zathu ankafikira pa desiki yanga, ndipo ndinkawawerenga mwachidwi. Ndinadabwa kumva kuti akuba ambiri a panyanja salanda sitima yonse. Amakwera mwakachetechete, n'kutenga zingwe, penti ndi zipangizo za injini, basi n'kubwerera m'boti lawo. Ena ndiwo amabwera ndi mfuti kudzagwira anthu.

Lamulo linali lakuti lipoti lililonse la akuba ndizilitumiza msanga ku ofesi yochenjeza sitima zonse, komanso kwa sitima zathu zimene zili pafupi.

M'mawa wina kaputeni wina analemba kuti boti laling'ono lawatsatira kwa theka la ola pamalo opapatiza pakati pa zilumba. Munali amuna asanu ndi mmodzi, maukonde, ndi makwerero aatali okhala ndi ngowe. Kenako linatembenuka. Sanakwere, sanabe kanthu.

Fomu yotumizira lipotilo ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Pamwamba pake panali mawu akuti akuba. Kwathu, mbuzi itasowa, malume anga ananena mnansi wawo kuti ndi wakuba. Mbuziyo inabwera yokha patapita masiku awiri, koma mabanja awiriwo sanapalanenso moto mpaka ine kuchoka. Kuyambira pamenepo mayi anga ankatiuza kuti wakuba ndi amene wagwidwa. Nanga ine ndinali ndani kuti ndiike asodzi osawadziwa m'gulu la akuba? Ndinaika lipotilo pambali kuti ndifunse bwinobwino pa nthawi ya tiyi.

Oyang'anira gawo lathu anali mayi ena a ku Zambia, amene ankandilankhula Chinyanja tikakhala awiri. Atabwera ndi kapu yawo, ndinadikira kuti akhale kaye pansi. Ndinawafunsa za ana. Kenako ndinawapatsa pepala lija ndi manja awiri.

"Lafika nthawi yanji ili?"

"Padutsa ola limodzi, amayi."

"Ola! Iwe mwana wa ku Malawi, unali kuliphika?"

"Ndimati mwina ndi asodzi. Sanabe kanthu."

"Kwanu nsomba zimakhala mumtengo, kuti msodzi azinyamula makwerero?"

Anatembenuza kompyuta n'kundilozera kadontho pamapu. Inali sitima yathu ina, ikutsatira njira yomweyo, ndipo inali itatsala ndi maola awiri kuti ifike pa zilumba zija. Anthu ake sankadziwa kanthu.

"Imba foni. Iweyo."

Kaputeni wa sitima yachiwiriyo atayankha, ndinayamba kumufunsa ngati akuyenda bwino. Amayi aja anamenya desiki.

"Moni udzapereka akafika padoko!"

Ndinawerenga zimene zinali papepala: malo, nthawi, amuna asanu ndi mmodzi, makwerero. Kaputeniyo anangoti wamva, n'kudula.

Fomu tinalemba limodzi. Anandionetsa kabokosi kam'munsi kamene sindinakaone, ka boti lokayikitsa.

"Palibe wakupempha kuti uweruze mlandu. Lemba zimene munthu waona, ena achenjere."

Nkhomaliro sindinadye. Ndinakhala ndikuyang'ana kadontho kaja kakulowa pang'onopang'ono pakati pa zilumba. Cha m'ma fili koloko uthenga unafika. Kaputeni anali ataika anthu olondera kumbuyo kwa sitima ndi kutsegula mapaipi opopera madzi m'mbali monse kuti munthu asakwere. Boti analiona. Linayandikira, linayenda nawo pang'ono, kenako linabwerera. Onse anali bwino.

Ndinauwerenga kawiri, ndipo ndinapita nawo kwa amayi aja, ulendo uno osadikira tiyi.

"Ndiye anali akubadi, amayi?"

"Kaya. Mwina m'mawa amawedza, masana amayesa mwayi. Ukufuna ukawafunse?"

Kunena zoona, ndinkafuna. Pabasi yobwerera kunyumba ndinkangoganiza za amuna asanu ndi mmodzi aja, kuti makwerero anawasula ndani, ndipo akafika kwawo akazi awo amawafunsa za nsomba kapena za penti.