Wophunzira Amene Anatiphera Ndiwo

Lero ndadutsa pomwe akudula bulugamu, ndipo fungo la masamba ake landikumbutsa bambo wina wa nsapato zonyezimira amene anafika kumunda kwa amayi ku Milonde. Ankati akufufuza mankhwala ophera udzu ochokera m'masamba a mitengo. Ine poona botolo lake la madzi obiriwira, onunkha bulugamu, ndinkayesa ndi sing'anga wodzachiritsa chimanga chathu.

"Mayi, ulesi bwanji? Taonani tchire lonseli," anatero.

"Limenelo si tchire, bambo," amayi anayankha.

Sanawamvere. Anapopera mizere itatu, ine ndikuwomba m'manja.

Patapita masiku, bonongwe ndi chisoso zimene amayi ankasiya dala pakati pa chimanga zinali zitafota ngati zawauka ndi moto. Namsongole, udzu weniweniwo, anali chiimire. Mkuluyo anabweranso, n'kujambula zofotazo mano onse ali pamtunda. Inali nthawi ya njala, ndipo sabata imeneyo tinadyera madzi a mchere.

Munthu ameneyo ankadziwa dzina la Chizungu la tsamba lililonse, koma sukulu yake yonseyo sinamuuze kuti masamba ena amadyedwa.