Difu ya pikapu ya a Eya

Achimwene anga pa siteji ya mapikapu amawatcha a Eya. Dzinali analipeza chifukwa chilichonse chimene munthu angawauze, iwo amagwedeza mutu, kumwetulira, n'kuyankha kuti, "Eya." Muwafunse kuti mwadzuka bwanji, eya. Muwauze kuti tayala laphwa, eya. Anthu amati ndi bambo wofatsa, wosadziwa kukangana. Kufatsa kwa chiyani? Ine ndakula nawo nyumba imodzi, ndikuwadziwa, makani awo ndi osayamba. Nkhani ndi yoti samva. Khutu limodzi linafa kalekale, linalo limangotola mawu a munthu amene wawayang'ana kumaso n'kumakuwa.

Makutuwo anawasiya ku fakitale yocheka matabwa, kumene analowa ali mnyamata n'kutuluka imvi zitayamba. Fakitale itatsekedwa anawapatsa kandalama kotsanzikira, iwo n'kugula pikapu yoyera yakalekale, ya chitseko chakumbuyo chomanga ndi waya. Kusamvako amabisa mpaka lero. Amaopa kuti zikadziwika awalanda laisensi, ndipo makasitomala athawa. Nanga ndani angakweze katundu wake pa galimoto ya munthu wosamva hutala?

Makutu awo anali alamu anga, akazi awo. Zaka zonsezo alamu ankakhala mpando wakutsogolo, kachikwama kali pamiyendo, dzanja lili pafupi ndi bondo la amuna awo. Akamenya bondo kamodzi, ndiye kuti wina akuliza hutala kumbuyo, patukani. Akamenya kawiri, ndiye kuti imani, galimoto yasintha kaliridwe. Madalaivala a pa siteji ankaseka kuti mayi ameneyu ndi wansanje, akulondera mwamuna ngati kuti alipo angawalande a Eya. Alamu ankangowasiya aseke. Pikapu ija ankaidziwa monga mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake, ndipo ku galaja ndi iwo ankatsika kukafotokoza kuti ikulira chonchi, pamalo akutiakuti.

Ntchito imene inkawadyetsa inali ya mazira. M'mawa uliwonse, kupatula Loweruka ndi Lamlungu, ankapita ku famu ya nkhuku kunja kwa tauni, kupakira mathileyi, n'kukagawa m'magolosale. Mwini famuyo, amene tonse timangoti Mayi a Mazira, ankawakonda chifukwa achimwene amayenda pang'onopang'ono, pa hampu iliyonse amachita ngati akupepesa. Dzira silinkasweka. Lendi inkachokera pamenepo, magetsi pamenepo, ndipo kenako mankhwala nawonso.

Ndati mankhwala chifukwa chaka chatha alamu anagwa m'bafa, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Anatuluka m'chipatala mawu atapita. Kumva amamva bwinobwino, nzeru zonse zilipo, koma pakamwa pamangotuluka kubuula. Tinawaikira bedi pafupi ndi windo loyang'ana kumsewu. Masana amawayang'anira mayi woyandikana nawo nyumba, ine ndimabwera Loweruka ndi Lamlungu kudzachapa ndi kuwasambitsa, chifukwa masiku enawo ndimakhala pa makina anga osokera tsidya lina la tauni. Masiku amene ndimabwerawo pikapu imakhala itaima pabwalo, ndiye sindinaimvepo ikuyenda.

Achimwene anapitiriza ntchito okha, mpando wa alamu uli wopanda munthu. Kumbuyo kwa pikapu kunayamba kulira. Akuti poyamba kanali kamluzu chabe, kenako kunakula mpaka ana a m'misewu ankaiyeserera ikamadutsa. Anzawo a pa siteji ankawauza kuti, "A Eya, galimoto yanu yalowa kwaya kodi?" Iwo eya. Wina anawauza mosaseka kuti akaonetse difu, iwo eya, n'kumwetulira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Madzulo aliwonse pikapu ikamatsika msewu wa kunyumba, alamu ankaimva ali pabedi. Achimwene akalowa n'kukhala pambali pawo, alamu ankatambasula dzanja lamoyolo n'kuwamenya bondo kawiri. Achimwene ankaganiza kuti mkazi wawo akungokumbuka maulendo awo akale. Ankawagwira dzanjalo, n'kulisisita, n'kupita kukatenthetsa madzi.

Tsiku limene difu inathyoka ndinalandira uthenga pa foni, chifukwa achimwene saimba, amalemba. Unangoti, "Bwera ku galaja." Ndinasiya diresi la munthu lili pa singano. Pikapu inali itafera pa chitunda, mazira ali pamwamba. Injini inkalira bwinobwino koma matayala osazungulira. Mazirawo anachita kusamutsira m'galimoto ina, iyo n'kukokedwa ndi chingwe.

Ndinawapeza ataima pakona ya galaja, chipewa chili m'manja. Pikapu inali pa majeke, matayala akumbuyo atachotsedwa. Makaniko ndi bambo wonenepa wa magalasi omanga ndi ulusi, amene wakhala akuikonza kuyambira tsiku limene inagulidwa. Anandikodola n'kundionetsa beseni la oyilo wakuda amene ankanyezimira tizitsulo. Anapisa dzanja m'menemo n'kutulutsa zidutswa zitatu zonga mano a ng'ombe.

"Mayi, ndilankhule ndi inu," anatero chapansipansi. "Achimwene anuwa samva, ndinadziwa kalekale, musavutike kubisa. Akazi awo akanakhala bwino, nkhani imeneyi ikanathera pa beringi ndi oyilo. Pano yadya difu."

Anandifotokozera kuti difu ndi chibuluma chija chili pakati pa matayala akumbuyo. M'kati mwake muli magiya awiri ofunika kwambiri: china chachikulu ngati mbale, cha mano kuzungulira, ndi kena kakang'ono kamene kamachizunguza. Chachikulucho ndi chimene chinaguluka mano. Kenako ananditchulira mtengo wa atsopano.

Ndinaseka, koma si kuti zinali zoseketsa. "Bambo, ndafunsa za magiya, sindinafunse mtengo wa galimoto ina."

"Ndi magiya omwewo, mayi."

"Chathyoka ndi chimodzi. Bwanji mukunditchulira ziwiri?"

"Sagulitsa chimodzi. Amawapera limodzi ku fakitale kuti mano azigwirana, ndiye amabwera awiriawiri m'bokosi. Pamenepo muonjezere maberingi, masilo ndi oyilo. Ntchito yanga ndi tsiku lathunthu, chifukwa ndimapaka penti pa mano, kumanga, kuzunguza, kuona pamene akukhudzana, kumasula, kuyambiranso. Ndikalakwitsa ndi kaufa kokha, mwataya ndalama zonse."

Ndinamulalatira ndithu, sindibisa. Ndinamuuza kuti amakaniko onse ndi amodzi, amaona munthu ali pamavuto ndiye n'kunola mpeni. Iye sanakwiye. Anangopukuta manja n'kundiuza kuti ndikafunse ndekha m'mashopu a masipeya. Ndinapita, achimwene akunditsata pambuyo. Shopu yoyamba anatchula mtengo woposa wa makaniko. Yachiwiri anati alibe, aitanitse kunja, tilipiriretu. Ndalama yake inali yoti ine ndingagule makina osokera atatu, atsopano, n'kutsala ya ulusi. Paliponse achimwene ankandiyang'ana pakamwa, ine n'kumawalembera mtengo pa foni. Ankawerenga n'kunena kuti, "Eya," koma ulendo uno osamwetulira.

Mayi a Mazira si munthu woipa. Anabwera okha kunyumba, anakhala pampando, anawagwira alamu dzanja. Koma anati nkhuku sizidikira galaja. Panali mnyamata wina wa kalole katsopano amene ankanyamula mazirawo mongogwirizira, ndipo ankaifuna ntchitoyo mpaka kalekale. "Ndikusungirani malo mpaka mwezi uno uthe," anatero. "Ukatha, musandide."

Tinayamba kugulitsa. Filiji inapita. Wailesi ya kanema inapita, achimwene n'kunena kuti palibe kanthu, chigulireni sinawalankhulepo. Ine ndinatulutsa zonse zimene ndinkasungira makina osokera a magetsi. Anzawo a pa siteji anasonkha kangachepe, aliyense popereka n'kumati, "Koma tinkawauzatu." Ndinkafuna kuwafunsa kuti munthu akamayankha eya pa chilichonse kwa zaka zonsezi, inu simudabwa? Ndinangomeza, chifukwa ndalama yawo tinkaifuna. Titaphatikiza zonse, sizinafike ngakhale theka. Ndinakhala pakhonde n'kumayang'ana m'nyumba kuti chatsala n'chiyani chogulitsa, koma munali bedi la wodwala, mipando iwiri ndi mapoto.

Ndi achimwene amene anaganiza za kumalo ogumulira magalimoto akufa. Anazungulira m'menemo masiku angapo, akusuzumira pansi pa zigoba, mpaka anapeza pikapu ya mtundu wawo. Giya yaikulu inali yamoyo. Kakang'ono kake kanali kobenthuka. Iwo anati palibe vuto, kawo kakang'ono kakadali bwino, angogula chachikulucho. Anachinyamula paphewa atachikulunga m'thumba la simenti, n'kukachitula pa tebulo la makaniko akumwetulira ngati abweretsa mphatso.

Makaniko anachitembenuza, anachiyang'ana, n'kuvula magalasi. "Awa sanakulire limodzi," anatero. "Kakang'onoka kanazolowera mnzake amene anathyoka uja. Mukawaika nyumba imodzi azilongolola."

"Akuti bwanji?" achimwene anandifunsa.

Ndinawayang'ana kumaso n'kukuwa kuti akukana. Galaja yonse inatembenuka. Achimwene anavula chipewa, bambo wa imvi, n'kumuuza makaniko kuti, "Achimwene, mwezi ukutha. Mankhwala a mayi atsala a sabata ino. Mangani chomwechi, Mulungu aona." Ine ndinayang'ana kumbali ndi manyazi.

Makaniko anavomera, koma anandikokera pambali. Anati ayesetsa mmene angathere, ndipo za ntchito yake tidzampatsa tikadzapeza, koma salonjeza kanthu. "Mwina ikhala chete, zimachitika. Koma ikangoyamba kulira, aime pomwepo, abwere nayo. Akapitiriza idzatafuna zonse ndi chibuluma chomwe, ndipo pamenepo mudzangoigulitsa kwa ogumula aja. Ndiye pakufunika munthu wa makutu akhale nawo kutsogolo."

Munthu wa makutuyo ndinali ine. Ndinatseka shopu yanga, makasitomala akutukwana, n'kukakhala pa mpando wa alamu. Unali utafwifwa potsamira, ndipo m'kabokosi kakutsogolo munali mukadali mpango wawo. Achimwene anandionetsa bondo n'kukweza zala ziwiri. Ndinati ndikudziwa.

Ku famu tinafika dzuwa likutuluka. Mayi a Mazira anaima pageti akuwerengetsa mathileyi, mnyamata wa kalole uja ali poteropo, manja m'thumba, akutiyang'ana. Achimwene anamanga katundu ndi zingwe mwaulemu wawo wonse uja, n'kulowa, n'kuliza. Tinatuluka pageti bwinobwino. Pa msewu wafumbi ndinatchera khutu mpaka mutu kuwawa, koma ndinkangomva mathileyi akukhuzana ndi chitseko cha waya chija. Titalowa pa tala, chete. Achimwene anandiyang'ana, ine n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Anayamba kung'ung'udza nyimbo, mopotoka monga amaimbira anthu osadzimva, ndipo ndinazindikira kuti chigwereni alamu sindinawamvepo akuimba.

Inayamba pa chitunda chomwe chija. Kamluzu kakang'ono, kochokera pansi kumbuyo kwa mpando. Ndinadziuza kuti ndi mphepo, ndinatseka windo. Kanamveka kwambiri. Achimwene akaponda mafuta kankakwera, akasiya kankatsika. Ndinadikira kuti mwina tikafika pamwamba kasiya. Sikanasiye. Ndinayang'ana munthu akuimba, ndinaganiza za filiji, za mankhwala, za mnyamata wa manja m'thumba uja. Kenako ndinawamenya bondo kawiri.

Nyimbo inaduka. Galimoto sinaime.

Ndinamenyanso, mwamphamvu, mpaka chikhatho kuwawa. Achimwene sanandiyang'ane. Anachotsa dzanja limodzi pa chiwongolero, anatenga dzanja langa, n'kulibwezera pamiyendo panga pang'onopang'ono.

"Ndamva, mlongo wanga," anatero. "Mazira akafike kaye."

"Nanga mawa?" ndinakuwa.

Kaya anamva kaya sanamve, sindikudziwa. Anangoti, "Mawanso kuli mazira." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Alamu ako usakawauze."

Tinagawa mazira m'magolosale onse, osasweka ndi limodzi lomwe. Paliponse poima ndinkatsika n'kuyang'ana pansi pa galimoto ngati ndikudziwapo kanthu. Ndinalibe china chogulitsa, ndinalibe wina wokamupempha. Ndinangokhala pampando paja n'kumamvera chitsulo chikudya chinzake, ulendo wonse mpaka madzulo.

Koma alamu sachita kuuzidwa. Titangokhota kulowa msewu wa kunyumba, ndinaona windo lawo lili lotsegula. Ndinatsika galimoto isanaimitsitse n'kuthamangira m'chipinda. Ndinawapeza maso ali pa khomo, misozi ikutsikira m'khutu, dzanja lamoyo lija likumenya matiresi kawiri, kupuma, kawirinso.

Achimwene analowa pambuyo panga, anapachika makiyi pa msomali, n'kukhala pambali pa bedi monga mwa masiku onse. Dzanja la alamu linasiya matiresi n'kupeza bondo lawo. Linamenya kawiri. Achimwene analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analiphimba ndi manja awo onse awiri.

"Eya, mayi," anatero. "Eya."