Mkulu Wodzutsa Ogona M'tchalitchi

Kutchalitchi kwathu kuno ku Yorkshire kuli mkulu wina amene ntchito yake ndi kudzutsa ogona. Abusa akayamba kudzudzula ulesi, uku akutchula nyerere ya m'Baibulo ija, iye amazungulira ndi ndodo yaitali, n'kumagogoda mitu ya owodzera. "Dzukani, achimwene, vesili ndi lanu," amatero.

Lamlungu lina woliza mkonono anali Bwana Thackray, mwini minda yonse ndi kanyumba komwe mkuluyu amagonamo. Mkulu uja anafika mosafulumira, ndodo n'kutera padazi pa bwanayo, go!

"Iwe, ukudziwa kuti ndine yani?" anakalipa bwanayo.

"Ndikudziwa, bwana," anayankha mkuluyo. "Koma enafe takhala tikulawirira sabata yonse kukolola tirigu wanu. Vesi lalero latsalira inuyo."