Anti Cyrilla ndi Nyimbo ya Khutu la Fitzroy

Anti Cyrilla Mendoza akhala akusoka zovala kuno ku Siparia kuyambira ali mtsikana. Makina awo ali pakhonde, moyang'ana msewu. Iwo amati anawaika pamenepo chifukwa cha kuwala, koma munthu sadutsa osafunsidwa kumene akupita. Amuna awo, a Clyde, ankagwira ntchito ku zitsime za mafuta ndipo anamwalira ana akadali aang'ono. Anti analera atatu onsewo ndi singano. Ankasoka mayunifomu a sukulu ndi madiresi a kutchalitchi, ndipo Kanivo, chikondwerero chija cha magule a mumsewu, ikayandikira nyumba inkadzaza nthenga ndi mikanda moti ngakhale mphaka ankatuluka akunyezimira.

Mayiwa ali ndi matenda amodzi. Nyimbo ikangowalowa m'mutu imatulukira pakamwa eniake osadziwa. Pa maliro a mlamu wawo anagwidwa akuyimba chapansipansi nyimbo yotsatsa sopo ya pa wailesi.

Chaka china anaitanidwa ku khoti lalikulu kukakhala pa juri, gulu lija la anthu wamba omvetsera mlandu n'kunena ngati munthu walakwa kapena ayi. Anadzisokera diresi latsopano, akumati maso onse akakhala pa iwo. Atafika anapeza anthu atadzaza mpaka mumsewu, apolisi akulimbana ndi azimayi pakhomo, chifukwa pakati pa oitanidwa panali Mighty Pommerac.

Nthawi imeneyo kunalibe woyimba kalipiso, nyimbo zija zonyodola anthu ndi zochitika, woposa Pommerac. Anabwera mu suti yoyera, magalasi akuda kumaso, dzino lagolide likung'anima. Aliyense ankaganiza kuti maloya amukana, koma loya ndani akanafuna kudzamva dzina lake m'nyimbo pa Kanivo? Loya wa boma anagwedeza mutu kuvomera, wa woimbidwa mlandu anamwetulira, Pommerac n'kukhala pansi. Posankha mtsogoleri wa gulu sipanavute. Onse anangotembenukira kwa iye.

Mlandu wake unali wa Harrilal Sookdeo, bambo wowonda wogulitsa makokonati pamsika, amene ankamuganizira kuti anadula khutu la mnansi wake Fitzroy ndi chikwanje pokanganirana mtengo wa mapeyala. Harrilal ankakana. Ankati Fitzroy anakwera mumtengomo ataledzera, n'kugwera pa lata la khola la nkhuku. Khutulo silinapezeke. Ena ankati galu anapindula nalo.

A jaji, bambo wa imvi wosadziwa kuseka, anachenjeza gulu lonse kuti asalankhule za mlanduwo ndi munthu aliyense, ngakhale mkazi kapena mwamuna wa kunyumba. Anti analumbira ndi mtima wonse.

Koma mlanduwo unayenda mwachilendo. Mboni zinkayankha zikuyang'ana Pommerac. Loya wa boma ankati akaponya nthabwala amadikira kaye aone ngati dzino lagolide lioneke. Wapolisi wina pochitira umboni anaiwala dzina la msewu chifukwa maso ake anali pa nsapato za woyimbayo. Anzake a pa juri ankati iye akakwinya nkhope nawonso akwinya, akayasamula nawonso ayasamula. Ngati anali maso kapena ankagona kuseri kwa magalasi aja, palibe ankadziwa. Harrilal yekha ndiye ankaoneka ngati wabwera pa mlandu.

Masana ena, ali m'chipinda chawo akudya roti, chapati chija chokulungira ndiwo, mboni za Harrilal zisanayambe n'komwe kulankhula, Pommerac anayamba kugogoda tebulo ndi supuni.

"Abale anga, mlandu uwu ine ndaumaliza kale. Tamverani."

Ndiye anatulutsa nyimbo:

Harrilal, Harrilal, bweza khutu la mwini,
Kokonati alibe khutu, unasenda chiyani?

Aphunzitsi ena opuma pa ntchito anaseka mpaka roti kuwatsamwa. Mtsikana wa kubanki ankaomba m'manja. Anti okha ndiwo anaika mbale pansi.

"Inu bambo, munthu sanayankhe n'komwe, mwamumanga kale ndi supuni?"

"Anti, ine ndimaona mumtima mwa munthu. Ndi ntchito yanga imeneyo."

"Ndi magalasi amenewo? Dzulo munkaliza mkonono, ine ndinkaganiza kuti kukubwera mvula."

"Ndinkasinkhasinkha, Anti."

"Kasinkhesinkheni kwanu. Ine ndimva kaye mbali ya bamboyo, ndipo mukaibwerezanso nyimbo yauchitsiruyo ndikakunenerani kwa a jaji."

Ananena zoona ndithu, mtima unawapweteka. Koma nyimboyo inali italowa kale.

Loweruka Anti anakhala pa makina, ndipo makasitomala anadzaza pakhonde kudzayesa madiresi, ena kudzangonunkhiza nkhani. Anti sanaulule kanthu. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti pakamwa pawo a jaji anakhomapo loko. Koma mwendo utayamba kupalasa, pakamwa panayamba ntchito yake. Mayi Ena, amene amaphika chakudya cha madalaivala a minibasi, anatchera khutu ali ndi mapini m'chiuno. Pofika Lamlungu nyimbo inali pa siteji ya minibasi. Lolemba inali itakwera minibasi iliyonse yopita kutauni.

M'mawa umenewo khoti litangoyamba, loya wa Harrilal anaimirira nkhope ili gwa.

"Bwana jaji, ndikupempha kuti titsegule zenera."

Analitsegula. Panja khamu linali kuyimba nyimbo ija, ena akumenya mabotolo ndi timitengo, ndipo wotsogolera anali Fitzroy mwini wake, bandeji ili kumutu.

A jaji anavula magalasi awo pang'onopang'ono. "Nyimbo iyi anapeka ndani?"

Akanakhala wina akanangoti zii. Koma Pommerac kukana nyimbo imene dziko lonse likuyimba? Anaimirira n'kukonza jekete.

"Bwana, ngati pali wina amene akunena kuti ndi yake, ameneyo ndi wakuba."

"Khalani pansi. Nanga anaitulutsa m'chipinda chija ndani?"

Khoti linati zii. Aphunzitsi aja anayang'ana kudenga. Mtsikana wa kubanki anayamba kulira. Anti anakhala mowongoka, chikwama pamiyendo, akuyang'ana anzawo mmodzimmodzi ndi diso lonyoza, akudabwa kuti munthu wopanda khalidwe ameneyo angakhale uti. Mu bata limenelo munayamba kumveka kamawu, chapansipansi, ndi chidendene chikugunda thabwa. Mitu yonse inatembenuka.

"Mayi Mendoza," anatero a jaji, "mukafika pothera mundiuze."

Anti anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Bwana, ine sindinalankhule ndi munthu. Ndikulumbira pamanda a Clyde. Munati tisalankhule. Zoyimba simunanene."

Akuti tsiku limenelo ndi lokhalo limene a jaji aja anabisa nkhope kuseri kwa buku. Koma atautsa mutu anawakalipira onse mpaka makutu kuwotcha, n'kuthetsa gulu lonselo. Mlandu unayenera kuyambiranso ndi anthu ena.

Apa ndi pamene zinavuta. Anthu osadziwa nyimboyo akanapezeka kuti? Pommerac anaijambulitsa, anangosintha dzina kukhala Harry poopa maloya, koma mumsewu aliyense ankayimba dzina lenileni. Pa Kanivo anthu anavina atavala makutu akuluakulu a makatoni, ndipo ambiri mwa makutuwo anawamata nsalu ndi Anti omwe, chifukwa ntchito ndi ntchito. Harrilal anadikira zaka, mlandu uli pamutu. Banja limene linkafunsira mwana wake wamkazi Indra linabweza mawu, linati silingalowe m'nyumba ya chikwanje. Pamapeto pake gulu lina, lopanda woyimba, linamva mbali zonse n'kumupeza wosalakwa. Nkhaniyo m'nyuzipepala inali kachidutswa kakang'ono pansi pa zotsatira za mpikisano wa mahatchi.

Anti zinawadya mumtima. Tsiku lina anamanga mpango n'kupita kumsika.

"Achimwene, ndabwera kudzapepesa."

Harrilal anatenga kokonati, n'kumusenda ndi chikwanje katatu, khapu khapu khapu. Anti anagwira makutu awo osadziwa.

"Mwaona? Ngakhale inu," anatero Harrilal. "Imwani, Anti. Malonda ndiye akuyenda, anthu amabwera kudzaona chikwanje. Koma mwana wanga amalira."

Anti anamwa madziwo n'kubwerera kwawo ali chete, chinthu chimene sitinachionepo. Kuyambira pamenepo khonde lija linapeza ntchito ina. Mayi aliyense wokhala ndi mwana wamwamuna wosakwatira ankamva za Indra, kuphika kwake, ulemu wake, tsitsi lake, ndipo diresi silinkatha mpaka mayiyo atalonjeza kukamuona mtsikanayo. Anakola mnyamata wokonza mafiriji wa ku Penal, wamanyazi ngati mwana wa mbuzi. Zovala za ukwati anasoka Anti.

Pommerac atamva anatumiza uthenga kuti akufuna kudzayimba pa ukwatiwo kwaulere, monga mphatso. Harrilal anafunsa Anti kuti ayankhe chiyani.

"Muuzeni abwere," anatero Anti. "Tikufuna munthu wotsuka mapoto."

Sanabwere. Ukwati unali wabwino, mpunga ndi dzungu zinatsala, ndipo Anti anakhazikidwa kutsogolo pafupi ndi mayi a mkwati, amene anapatsidwa ntchito yowaponda phazi akangowamva akuyamba kuyimba.