Droni yanu imamvera mijigo, osati anthu

Nziiiii! Phokoso limenelo likukana kuchoka m'makutu mwanga. Ndi la droni imene kampani ya mafoni inatibweretsera kuno kumtunda kwa Usisya. Ankati ikakhala m'mwamba netiweki izifika pakhomo, tisiye kukwera phiri.

Ine sindine wolongolola. Koma izi muzimve.

Lachiwiri m'mawa agogo anga, amene anandilera makolo atamwalira, analumidwa ndi njoka m'munda wa chinangwa. Mwendo unkatupa ndikuona. Kuno kulibe msewu, kuchipatala timadzera panyanja. Chofunika chinali kuimbira asibweni anga, a Mhone, kuti abwere ndi boti la injini.

Droni inali pamutu panga penipeni. Ndinaimba. Zii. Ndinaimbanso. Zii.

Ndinathamangira kubwalo la mpira, kumene bambo woiyendetsa anakhala patsinde pa mango, maso ali pa kompyuta.

"Bwana, foni ikukana. Agogo alumidwa ndi njoka."

Sanadzutse ndi mutu womwe. Akuti batire ya droni sichedwa kutha, ndiye netiweki amaigawa mosinira. M'mawa imayamba yamvera timakina tomwe anamangirira pa mijigo, ndi tina toyezera mvula. Mafoni a anthu pambuyo.

"Sinthaniko, chonde. Ndiimbe kamodzi kokha."

"Achimwene, zimenezo anatchera ku Lilongwe. Ndikangokhudza, ntchito yandithera. Dikirani mijigo imalize."

Mijigo imalize! Kodi mjigo unalumidwapo ndi njoka? Nanga mvula yake iti, nyengo ya mwera ino?

Sitinadikire. Tinawagoneka agogo m'bwato, ine ndi mnansi wathu a Longwe n'kuyamba kupalasa, mafunde akutikhapa kumaso. Njira yonse agogo ankangofunsa, "Mwana wangu, Mhone wayankha?" Ine n'kumangopalasa. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Adokotala akuti tinachedwa, mwendowo mwina audula. Mayi wolima yekha chinangwa, akhale wa mwendo umodzi?

Eni kampani, ndiyankheni. Ndani anasankha kuti makina azilankhula munthu akufa? Analipo wa kuno pomwe munkagwirizana zimenezo? Inu a ku Ruarwe, akabwera nayo kwanu, musayambe ndi kuomba m'manja. Funsani kaye kuti imayamba kumvera ndani.

Dzulo ndinabwerera kubwalo kuja. Ndinamuuza bamboyo za mwendo wa agogo. Anati pepani, nkhaniyo aifikitsa kwa akuluakulu. Kenaka anapisa m'chikwama, nandipatsa chipewa chatsopano cha kampani, n'kumapita.