Bondo Losadziwa Pomwe Lili

Kuno ku Chinsapo mipopi ikauma, tonse timatsikira kuchitsime cha kudambo, ndipo pobwerera timakwera kachitunda kokumbikakumbika ndi madzi a mvula. Ndinayamba kukwera pamenepo ndi ndowa pamutu nditangokwatiwa kumene. Kenaka nyamakazi inalowa m'bondo langa lakumanja.

Ululu ndinauzolowera. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti bondolo linasiya kundiuza pomwe lili. Kuchipatala adokotala anandikhazika pabedi, anapinda mwendo wanga pang'ono, anauwongola, n'kundiuza kuti nditsinzine ndiubwezere pomwe anaupinda paja. Ndinaubwezera mosakayika konse. Nditatsegula maso, mwendo unali kwina. Koma ndikamauyang'ana ndinkakhoza bwinobwino.

"Amayi, maso anu ndi amene akugwira ntchito ya bondoli," anatero adokotalawo. "Poyenda muziyang'ana pomwe mukuponda."

Kunena n'kosavuta. Munthu wosenza ndowa sawerama. Ukangoti uone phazi, madzi onse akukhuthukira kumaso.

Ndiye pali amayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, aakulu kwa ine, azidzukulu awo kale. Amakwera kachitundako khosi lili njo, ndowa yodzaza mpaka m'milomo, uku akucheza ndi wam'mbuyo, mapazi akudzipezera okha njira. Ndisaname, ndimawachitira nsanje, ndipo si yamasewera. Malata awo atsopano ndilibe nawo ntchito. Ine ndimasirira mawondo awo otuwa aja, ouma ngati zitsa.

Tsiku lina ndinachita makani. Ndinasenza ndowa, n'kuyang'ana kutsogolo ngati kale, koma pakati pa chitunda phazi linakatera pomwe sindinalitume. Ndinagwa chogwada, ndowa n'kugubuduka kubwerera kudambo. Anandidzutsa ndi amayi omwe aja, n'kundipukuta matope ndi chitenje chawo.

"Aneba, musamadzivute chonchi," anatero. "Ine ndilipo, ndizikutungirani."

Akanandiseka bwenzi nditapeza powadera. Koma ayi ndithu, mpaka lero madzi akasiya amafika ndi ndowa pakhomo panga, osachita n'komwe wefuwefu. Amuna anga ali pakhonde amapukusa mutu, amvekere, "Koma amayi awa ndi olimba!"

Ine ndimatuluka, ndimawatula ndowayo ndi manja awiri, n'kunena zikomo. Madziwo ndimaphikira, ndimachapira, ndimasamba. Koma ndikati ndimwe, amandiima pakhosi.